Kalata yotseguka: giyabokosi ikulira, ana athu akumvera foni ya m'thumba

Kwa olemekezeka akuluakulu a ku unduna woona za maphunziro a ntchito zamanja, a bungwe la TEVETA, ndi akulu onse oyendetsa makoleji a zaluso m'Malawi muno.

Mabwana ndi madona,

Ndine mphunzitsi wa zamakaniko pa koleji ina ya zaluso m'dziko muno. Ovolosi ndinayamba kuvala ndevu zisanamere, ndipo choko ndachigwira zaka zoposa 15. Dzina la koleji yathu sinditchula, pakuti chomwe chandilembetsa kalatayi si cha koleji imodzi. Aphunzitsi anzanga amene timakumana kokachonga mayeso amadandaula zomwezi. Nkhaniyi taikamba m'misonkhano ya aphunzitsi mpaka malovu kuuma m'kamwa, ndipo taona kuti mphunzitsi payekha sangaithe. Mutu ukakula sulewa nkhonya, n'chifukwa chake ndaitula kwa inu, poyera, kuti makolo ndi eni magalaja amve nawo.

Teremu yathayi bambo wina anabweretsa minibasi yake ya Hiace m'wekishopu mwathu, akuti ikulira kumbuyo. Galimoto yodwala chonchi kwa ife ndi mphatso, chifukwa magiyabokosi amene timaphunzitsira ali pa benchi, anaphwasulidwa kambirimbiri, ndipo sazungulira. Ndinauza ophunzira kuti lero makope akhale pansi, tikamvere. Tinagawana magulu awiri n'kulowa mumsewu. Ine ndinakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa difu, bokosi la magiya limene limagawira mphamvu ku matayala awiri akumbuyo. Kulirako kunali kwamanyazi. Kunkabwera dalaiva akachotsa phazi pa mafuta, liwiro lili cha m'ma 60, kukhala masekondi ochepa, akapondanso n'kuzimiririka. Tinabwereza kangapo pa kamtsetse kamodzimodzi kuti aliyense amve.

Pokhala kumbuyo ndinkaona mitu yonse. Yambiri inali yoweramira m'miyendo, zala zamanthu zili kalikiliki pagalasi. Mnyamata wina ankadzijambula kanema ali mu ovolosi kuti anzake a pa WhatsApp aone kuti ali pa ntchito. Wina anali ndi hedifoni khutu limodzi, waya ataubisa m'kolala. Titabwerera ndinafunsa kuti phokoso lija linkabwera nthawi iti, nanga linkatha nthawi iti. Amene anayankha zomveka, zala za dzanja limodzi zinakwana kuwawerenga. Mtsikana wina, amene ulendo wonse anakhala chete chikhatho chili pansi pa mpando, ndiye ananena kuti ikulira akasiya mafuta osati akaponda, ndipo akukayikira maberingi a giya yaying'ono ya difu. Titatsegula tinapezadi nati ya giya yaying'onoyo, imene timaitcha pinyoni, itakhwepa, maberingi akugwedera. Ndinakondwa naye mwanayo. Koma usiku umenewo tulo sindinatione, poganizira enawo, amene posachedwapa adzatenga satifiketi yofanana ndi yake.

Mwina ena mwa inu munasiya kalekale kugwira sipanala, kapena munadzera njira ina ya maphunziro, ndiye mundilole ndifotokoze chifukwa chake masekondi ochepa amenewo ndi ofunika chotere.

Giya ndi gudumu la mano. Magiya awiri akalumana, dzino lililonse limalandira katundu, kumusenza kamphindi, n'kumusiyira linzake. Chitsulo chimaoneka chouma gwa, koma dzino likasenza katundu limapindika pang'ono, moti diso silingaone. Nthawi ina likusenza ndi dzino limodzi lokha, nthawi ina awiri, choncho kulimba kwa polumanapo kumasinthasintha. Komanso palibe fakitale imene imasema mano onse ofanana ndendende. Mapeto ake giya yokokedwayo siyenda mwamyaa. Imatsogola pang'ono, kutsalira pang'ono, ndi timiyezo tating'ono kwambiri, totheka kuwerenga pokhapokha milimita imodzi mutaigawa ka 1,000. Kagwedezeka kameneka kamadutsa mu shafiti, kulowa m'maberingi, kukafika pa chigoba cha giyabokosi, ndipo chigobacho chimachita ngati chikopa cha ng'oma. Ndiye ngakhale giyabokosi yatsopano, yochokera kufakitale dzulo, ili ndi mawu ake.

Mawuwo amawerengeka, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale. Tengani mota yozungulira ka 1,500 pa mphindi, kumene kuli ka 25 pa sekondi, muikepo giya ya mano 20. Manowo amenya anzawo ka 500 pa sekondi iliyonse, khutu n'kumamva ngati kamluzu. Liwiro likakwera, mluzuwo umakwera nawo. Tsono dzino limodzi likabenthuka, pansi pa mluzu uja pamabwera kugunda kwina, kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndiye kuti ka 25 pa sekondi. Mainjiniya a m'mafakitale akuluakulu amaona zimenezi pa makina oyezera kunjenjemera, pamene mzere uliwonse uli ndi mwini wake: uwu wa mano, uwu wa beringi, uwu wa shafiti yopindika kapena yosalunjika ndi inzake. Mmisiri wa ku Biwi kapena ku Ndirande makinawo alibe. Ali ndi khutu, chikhatho, ndi sikuludiraiva yaitali imene amaigunditsa pa chigoba, chogwirira chake n'kuchitsamiritsa pakhutu.

Aliyense amene anakwerapo galimoto ya giya yamanja amakudziwa kulira kwa rivesi. M'magalimoto ambiri mano a giya ya rivesi ndi owongoka, amalumana dzino lonse nthawi imodzi, pamene a magiya opita kutsogolo ndi opendekera, amalowana pang'onopang'ono. Kulira kumeneko si matenda. Wophunzira ayenera kuyamba wadziwa kulira kwabwino kuti adzazindikire koipa, monga mayi amasiyanitsira kulira kwa mwana wanjala ndi kwa mwana amene thupi latentha.

Ndipo koipako kuli ndi zinenero zake. Galimoto itaima, giya ili pa nyutulo, mukamva phokoso lomwe likutha mukaponda kilachi, ganizirani beringi ya shafiti yolowa m'giyabokosi, pakuti kuponda kilachi kumaimitsa shafiti imeneyo. Likamabwera pamene mwaponda n'kutha mukasiya, nthenda ili pa beringi ya kilachi. Pa galimoto zokoka ndi matayala akumbuyo ngati Hiace, giyabokosi ikamalira m'magiya ena onse koma n'kukhala chete mu giya 4, yang'anani shafiti yam'munsi ndi maberingi ake, chifukwa mu giya 4 mphamvu imadutsa molunjika osadzera pa mano a shafitiyo. Kunjenjemera kobwerera pansi pa mpando, komakula ndi liwiro la galimoto osati la injini, kawirikawiri kumakhala kwa propshaft, shafiti yaitali yochokera ku giyabokosi kupita ku difu, mitanda ya m'mfundo zake itatha kapena beringi yapakati italema. Taonani kuti zonsezi zikudalira funso limodzi: phokosolo labwera liti, latha liti? Amene anaphethira m'maganizo pa sekondi imene phazi linachoka pa kilachi, yankho lamudutsa.

Pa difu ndiye pamafunika kudekha koposa. Mano a magiya sayenera kuthinana, pamasiyidwa kampata ka oyilo ndiponso kofutukukira chitsulo chikatentha. Pa madifu a galimoto zing'onozing'ono kampatako kamakhala pakati pa 0.1 ndi 0.2 mm, ngati timatsitsi tiwiri titatu. Kakachepa, difu imatentha n'kumalira. Kakakula, imagogoda posiya kapena poponda mafuta. Timayeza ndi geji ya wotchi, kachida kokhala ndi muvi ngati wa wotchi, kenako timapaka utoto pa mano n'kuzunguza kuti tione pamene akukhudzana, kaya n'pakati pa dzino, kumsonga kapena kutsinde. Ukalakwitsa umaphwasulanso, kusintha mashimu, timawashala topyapyala tosendezera giya, kumanganso, kuyezanso, mwina kanayi. Difu yokhala ndi mano 41 pa giya yaikulu ndi 10 pa yaying'ono ili ndi khalidwe loti dzino lililonse la yaying'ono limakumana ndi mano onse 41 a yaikulu mosinthanasinthana. Dzino limodzi likangoyamba kukumbika, limayenda n'kumapatsira anzake onse, tizidutswa take n'kumasambira mu oyilo mpaka m'maberingi. Mmisiri amene wamva msanga amapulumutsa difu ndi beringi imodzi. Wochedwa amauza mwini galimoto kuti akagule difu yonse.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali mdala wina wa pagalaja, amene sukulu sanapite nayo patali. Galimoto ikabwera sankalola aliyense kugwira sipanala mpaka italankhula yokha. Ankazimitsa wailesi, kutikhazika chete, ife n'kumaona ngati akutitayitsa nthawi. Akakhetsa oyilo ankayamba wayang'ana maginito a pa pulagi, kufikisa oyiloyo pakati pa zala, kumununkhiza. Akaona timadontho tonyezimira ngati golide ankadziwa kuti mphete zamkuwa zothandiza kulowetsa giya zikudyeka, n'kufunsa mwini galimoto kuti anathiramo oyilo wanji, pakuti oyilo wa difu wa GL-5 si wofanana ndi wa GL-4 amene magiyabokosi ambiri amafuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine luso limene ndili nalo ndinalitola m'mphindi zachetezo. Mphindi zimenezo n'zimene zasowa m'wekishopu ya lero.

Chomwe chimandiwawa mtima n'chakuti foni nayonso ndi makina onjenjemera. M'mafoni ambiri muli kamota kochepa ngati nyemba, kokhala ndi kachitsulo kolemera mbali imodzi. Kakazungulira, foni yonse imagwedezeka. Ndi nthenda yomwe ija timaphunzitsa ana kuichotsa pa tayala ndi pa propshaft, koma m'foni anaiikamo dala kuti izikodola mwini wake. Ndipo imakodoladi. Ndaonapo wophunzira ali ndi sikuludiraiva pakhutu, atatsinzina, akumvetsera bwinobwino, kenako thumba la ovolosi n'kunjenjemera. Foniyo sanaitulutse, pondilemekeza, koma nkhope inasintha, ndipo ndinadziwa kuti munthu wachoka, latsala ndi thupi. Kaya anali uthenga wa chibwenzi, kaya zigoli za mpira umene anabetcha, kaya kanema wa pa TikTok wotumizidwa ndi mnzake, maganizo ake anali kumeneko mpaka belu linalira. Mapanga awiri avumbwitsa. Lipoti la UNESCO la 2023 linanena kuti foni kungokhala pafupi ndi wophunzira kumasokoneza kuphunzira, ndipo linatchula kafukufuku woonetsa kuti wophunzira akacheukira zina angatenge mphindi zofika 20 kuti maganizo abwerere pa phunziro. Ine ndikawerenga zimenezo ndimaona nkhope ya mnyamata uja.

M'kalasi la masamu kapena la Chingerezi, amene wasokonezeka angathe kukakopera notsi kwa mnzake madzulo. Kulira kwa difu sikukopedwa m'kope. Kunjenjemera kumene chikhatho chimamva pa ndodo ya giya sikutumizidwa pa gulu la WhatsApp. Galimoto ija ikakonzedwa, phunziro lapita nayo.

Mtengo wa zimenezi akulipira ndi anthu osalakwa. Mwini galaja ina kumene timatumiza ana ku atachimenti anandidandaulira za mnyamata wathu amene anapatsidwa galimoto yolira pa nyutulo. Anatsitsa giyabokosi, n'kusintha beringi ya kilachi, n'kumanganso. Phokoso silinasunthe, chifukwa yodwala inali beringi ya shafiti yolowa. Kuponda kilachi kamodzi kokha ali tcheru kukanamuuza zimenezo. Mwini galimoto anagula chitsulo chosafunika, galimoto inagona masiku ena pagalaja, ndipo galajayo inatsitsanso giyabokosi mwaulere kuti isunge dzina. Mukudziwa inu nomwe mmene masipeya akwerera mtengo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, pakuti pafupifupi chitsulo chilichonse cha m'giyabokosi chimachokera kunja. Mwini minibasi akagona tsiku limodzi, dalaiva ndi kondakitala kwawo ndiwo sizigulidwa.

Palinso moyo wa anthu. Dalaiva wa lole kapena basi akamatsika Chiweta, kapena mtsetse wa ku Golomoti, kapena msewu wotsikira ku Chikwawa, amadalira giya yotsika kuti imugwirire galimoto, mabuleki asapse. Giyabokosi yotha imatha kulavula giya pakati pa mtsetse, ndipo isanafike pamenepo imakhala italira miyezi. Wina anayenera kumva. Ana omwewa ndi amene mawa adzayang'anira makina ofinya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makina a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi mapampu a ku Walker's Ferry okweza madzi a mu Shire kupita ku Blantyre. Kumeneko beringi imodzi ikafa mosayembekezera, zimaima ndi zambiri. Ngakhale m'wekishopu mwathu momwemu, munthu wa hedifoni m'khutu samva mnzake akamakuwa kuti jeke yaterereka, ndipo waya wolendewera pafupi ndi shafiti yozungulira ndi msampha. Kawiri konse ndazimitsapo makina mothamanga chifukwa cha zimenezi.

Sindinalembe kalatayi kuti ndinyoze ophunzira. Ndimawakonda, ndipo ambiri anavutika kuti afike pamene alipa. Ndikawafunsa chifukwa chake foni saisiya, mayankho awo ena ndi oona. Buku lofotokoza kamangidwe ka giyabokosi mulaibulale ndi limodzi, lakalekale, pamene m'foni muli mabuku a galimoto zimene zili pamsewu lero. Kanema wa pa YouTube amaonetsa mmene mphete zolowetsa giya zimagwirira ntchito bwino kuposa chojambula changa cha pa bolodi. Tochi yoonera pansi pa galimoto ndi foni, kakyuleta ndi foni. Ndalama ya chakudya yochokera kwa makolo imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ena ndi amayi, anasiya mwana kwa agogo ake, ndipo mtima sungakhale m'malo foni ili kutali. Vuto n'lakuti khomo limene buku limalowera ndi lomwelo limene Facebook ndi TikTok zimalowera. Mwana amatsegula kuti aone mlingo womangira nati, n'kupeza mauthenga khumi akumudikira, ndipo amene anapanga mapulogalamuwo analemba akatswiri ntchito yoonetsetsa kuti asatulukemo msanga. Si nkhondo yoti mwana wa zaka 19 aimenye yekha.

Ifenso aphunzitsi tili ndi gawo lathu pa mlanduwu, ndipo sindibisa. Ndife amene timatumiza notsi ndi nthawi ya mayeso pa magulu a WhatsApp, chifukwa mapepala ndi inki n'zosowa. Tawaphunzitsa tokha kuti amene sayang'ana foni atsalira. Ena mwa ife timayankha foni pakati pa phunziro. Ndipo popeza palibe lamulo limodzi, mphunzitsi wina amaletsa, wina amalola, woletsayo n'kumaoneka wankhanza. Ine ndinayesapo kuika bokosi pakhomo la wekishopu. Sabata yoyamba zinayenda, ndipo ntchito imene inkatitengera masiku awiri tinaimaliza tsiku limodzi. Sabata yachitatu ana anayamba kufunsa kuti lamuloli lalembedwa pati, nanga foni ikasowa m'bokosimo alipira ndani. Mafunso onse awiri anali achilungamo, ndipo ndinalibe yankho.

Mayiko ena anafika kale pa mphambano imeneyi. Dziko la France linaletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15 mu 2018. Ku Netherlands anawachotsa m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024. Ku Australia nyumba ya malamulo inavomereza mu 2024 lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Koma zonsezo n'zokhudza ana, ndipo ine sindikupempha kuti tikopere. Ophunzira athu ndi akuluakulu, ena ali pabanja. Kuwalanda mafoni ngati ana a Fomu 1 kungakhale kuwachotsera ulemu, ndipo sikungatheke. Chomwe ndikuona n'chakuti m'wekishopu muli kale malamulo amene palibe amawatsutsa: osalowa ndi masilipasi, osawotcherera popanda magalasi, osalowa pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke. Foni ilowe m'gulu limeneli.

Ndiye pempho langa loyamba, mabwana ndi madona, ndi lamulo lolembedwa, lochokera kwa inu, lofanana ku Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, komanso m'makoleji a m'madera amene anayamba kutsegulidwa mu 2015: nthawi ya phunziro, makamaka m'wekishopu, foni isakhale pathupi pa munthu, kaya wophunzira kaya mphunzitsi. Kungoti izimitsidwe sikukwanira, pakuti yozimitsa ili m'thumba imayatsidwa mphunzitsi akatembenuka. Pakhale timakabati tokhoma pakhomo, aliyense ndi kiyi wake, ndipo ana a ukalipentala ndi owotcherera angatipange okha ngati gawo la maphunziro awo. Pakhale nambala ya ku ofesi imene achibale angaimbe pakagwa zadzidzidzi, ndi munthu woti athamange kukaitana wophunzirayo. Nthawi yopuma aliyense atenge foni yake. Pasakhale zolanda mafoni mpaka kutha kwa teremu, zolipiritsa ndalama, kapena zoswa foni ya mwana pamaso pa anzake. Amene wakana kusiya foni angotsala panja pa wekishopu tsikulo, monga amatsalira wobwera ndi masilipasi.

Koma lamulo lokha, popanda kuchotsa zifukwa zija, lidzafa ngati bokosi langa. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVET, ndipo ndikupempha kuti pa ndalama imeneyo muganizire tinthu tating'ono timeneti: mabuku osindikiza a galimoto zimene zadzaza m'misewu yathu, matchati a milingo opachika pakhoma, matochi, makakyuleta, mapepala osindikizira notsi. Mukambiranenso ndi a MACRA ndi makampani a mafoni. Ngati n'zotheka kugulitsa bandulo yotsika mtengo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, n'zothekanso kukhala ndi bandulo yotsika mtengo ya masamba ophunzirira okha, yoti mwana agwiritse ntchito madzulo ku hositelo.

Pempho limene lili pamtima panga kwambiri ndi la magiyabokosi amoyo. Tikachotsa foni m'manja mwa mwana, tiikemo china choti amvere. M'maofesi a boma m'maboma onse muli galimoto zimene zinatha ntchito. Tipatseni magiyabokosi ndi madifu ake. Ife tidzawakhazika pa mafelemu, kuwalumikiza ku mota yamagetsi, n'kuika nthenda yodziwika mwa iliyonse: iyi dzino lobenthuka, iyi beringi yotha, iyi mpata wochuluka, iyi shafiti yosalunjika, ndi imodzi yabwinobwino yoyerekezera. Wophunzira azimva, azigwira, anene chimene akuganiza, kenako atsegule aone ngati analondola. Pa wekishopu iliyonse pakhale mageji a wotchi okwanira, zomvetsera za amakaniko zonga za adokotala zija, ndi kamakina kamodzi koyezera kunjenjemera, kuti mwana akadzalowa m'fakitale asadzakaone koyamba kumeneko. Zonsezi mtengo wake sufika pa wa galimoto imodzi yatsopano.

Kenako muike kumvetsera m'mayeso. Ophunzira amalimbikira chimene chimabwera pa mayeso, ndipo sindiwaimba mlandu. Lero mwana angathe kukhoza atangoloweza mayina a zitsulo ndi kuphwasula n'kumanganso giyabokosi yakufa. Woyesa atamuimika pa makina ozungulira n'kumupatsa mphindi khumi kuti anene chavuta n'chiyani ndi chifukwa chake, aliyense angaone yekha kuti foni ikumubera mamalikisi.

Sindikufuna kuti foni ithamangitsidwe kotheratu, chifukwa ikagwidwa bwino ndi chida. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa phyphox, yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imene imagwiritsa ntchito maikolofoni ya foni kuonetsa mawu alionse kuti akugunda kangati pa sekondi. Tsiku lina ndinauza gulu lina kuti liwerenge mano a giya ya pa makina ena a m'wekishopu, lipeze liwiro la shafiti, lichulukitse, lilembe yankho pa bolodi. Kenako tinatenga foni imodzi, titatseka intaneti, n'kuiyandikiza pa chigoba makina akuzungulira. Mzere unatulukira pafupi penipeni ndi nambala ya pa bolodi ija. M'chipindamo munamveka mfuwu ngati wa ku bwalo la mpira. Mnyamata uja wa hedifoni ndiye anapempha kuti tisinthe liwiro tione ngati mzerewo usuntha, ndipo unasunthadi. Lamulo limene ndikupemphali lisiye mpata wa zotere: foni ituluke m'kabati pamene mphunzitsi waiitana pa ntchito yodziwika, ikatha ntchitoyo ibwerere. Mutiphunzitsenso ife aphunzitsi kagwiritsidwe ntchito ka zida zimenezi, pakuti ambiri mwa ife tinaphunzira nthawi imene kunalibe.

Ndikudziwa kuti matebulo anu ndi odzaza ndi nkhani zazikulu: malo ogona ophunzira, malipiro, makina akale, magetsi. Iyi ikhoza kuoneka yaying'ono. Ndikupemphani chinthu chimodzi chosafuna bajeti. Tsiku lina mukamadutsa pafupi ndi koleji iliyonse mwa amene ndatchulawa, patukani osanena kuti mukubwera. Musayambire ku ofesi ya mkulu wa koleji. Imani pakhomo la wekishopu ya zamakaniko mphindi khumi zokha, muwerenge mitu yowerama. Mukatero muitane ophunzira atatu alionse, muwapatse galimoto imene mwabwera nayo, dalaiva wanu ailize, muwafunse chimene akumva.

Mtsikana uja wa minibasi amaliza chaka chino, ndipo mwini Hiace anabweranso kudzafunsa ngati angamadzamuonere galimoto zake zina akamaliza. Anzake a m'kalasi atsala ndi materemu awiri. Ndikanakonda kalata yanu ya lamuloli itatipeza iwo asanachoke.

Ine wanu pa ntchito yosula amisiri,

Mphunzitsi wa zamakaniko